Njanji ikafa, cuma cake agawana ndani?

Mu Lusaka muli njira yaitali imene ambiri a ife timaidutsa osadziwa kuti inali ciani. Iyambira ku Chilenje, ipyola m'tauni, n'kulowera ca ku Matero ndi George. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 munali kuyenda sitima yochedwa Njanji Commuter, imene inali kutenga anthu a m'makomboni m'mawa kupita ku nchito ndi kuwabweza madzulo. Siinakhalitse. Zaka khumi zisanakwane inaima, ndipo kufikira lero siinayendenso. Inu amene munabadwa 2000 itapita mumangomva kwa makolo. Zitsulo zambiri zinazulidwa n'kukathera kwa ogula sikirapu. Pamene panali njanji, pena pali nyumba, pena tuntemba, pena mulu wa zinyalala, pena kanjira ka anthu oyenda pansi. Maboma asinthana, ndipo nthawi ndi nthawi timamva kuti sitimayo idzauka. Tikali kuyembekeza.

Kumaiko ena njira yotere saisiya kuti idyedwe pang'onopang'ono ngati cimanga ca m'nkhokwe yopanda mwini. Amazula zitsulo zotsala, amasalaza, amathira phula kapena miyala yosinja, ndipo ikhala njira ya oyenda pansi ndi ochova njinga. Motoka siiloledwa. Nzeru yake ndi yosavuta kumva. Wilo ya citsulo pa njanji ya citsulo imaterereka, conco sitima siitha kukwera citunda cacikulu. Omanga njanji amakakamizika kugumula zitunda, kukwirira zigwa ndi kumanga maulalo kuti njira ikhale yosalala, ndipo pa mamita 100 alionse kawirikawiri siikwera kuposa mita imodzi kapena awiri. Cimene sitima ifuna ndico cimene mwendo wa agogo ufuna, ndiconso cimene afuna munthu wokankha wilibala yodzala makabichi kapena wochova njinga yosenza masaka atatu a malasha. Nchito yolemetsa inagwiridwa kale ndi anthu amene anapita kale.

Citsanzo cimene ndimakonda ndi ca ku England. Mu 1963 Richard Beeching, amene anali mkulu wa njanji za boma, anatulutsa lipoti lakuti njanji zosapindulitsa zitsekedwe: makilomita pafupifupi 8,000 ndi masiteshoni oposa 2,000. Mu 1966 imodzi mwa njanji za pakati pa mizinda ya Bristol ndi Bath inaleka kunyamula anthu, ndipo pambuyo pake zitsulo zinazulidwa. Mu 1977 anthu ena a ku Bristol okonda njinga anapanga kagulu kochedwa Cyclebag, kamene kanakula n'kukhala bungwe la Sustrans. Kuyambira mu 1979 anayamba kukonza njirayo, ambiri a iwo osalandira kanthu, ndipo pofika mu 1986 inatha yonse, makilomita oposa 20. Lero m'mawa mumadzala anthu opita ku nchito ndi ana a sukulu, Sondo mumadzala mabanja.

Wina adzati izi ndi za azungu okhuta, ofuna pothamangira kuti acepetse mimba. Ameneyo sanaimepo pa mseu wa Los Angeles kapena wa Mumbwa nthawi ya 06:00. Kuno kuyenda pansi si masewera. Ndi mtsinje wa anthu ocokera ku Kanyama ndi makomboni ena, amene awerenga kuti ndalama ya basi kawiri pa tsiku ndi ndalama ya ndiwo. Lusaka weniweniyo ndi mwana wa njanji: anayamba mu 1905 ngati kasiteshoni kopatukirapo sitima, n'kudzakhala likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone. Amene anajambula mapu ake anali kuganiza za munthu wa motoka, ndipo ife tangopitiriza. M'zaka zapitazi tamanga maulalo a pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Sindikana kuti athandiza. Koma woyenda pansi akali kulimbana ndi ngalande, fumbi ndi minibasi imene ikwera m'mphepete mwa mseu pothawa mzere. M'kalasi ndimadziwa mwana amene wayenda mtunda poona nsapato zake, ndipo m'nyengo ya mvula ndimadziwa poona desiki yopanda munthu.

Palinso manyazi. Mnyamata wa mu Lusaka alola kuyenda pansi makilomita asanu atavala bwino kusiyana ndi kuoneka pa njinga, cifukwa akuti njinga ndi ya alonda ndi a malasha. Ku Chipata, kumene kunali fakitale ya njinga ya Luangwa Industries, njinga inyamula aphunzitsi, odwala ndi mbuzi popanda woseka. Ndiona kuti manyazi athuwa si a njinga yeniyeniyo. Ndi a malo amene mseu umapatsa wa njinga: m'mphepete, m'fumbi, kulizidwa huta ngati galu. Mpatseni njira yake yosalala, yomufikitsa m'tauni msanga kuposa wa motoka woima pa mzere, muone ngati manyaziwo adzakhalitsa.

Conco za phindu la njira yotere sinditayapo nthawi. Cimene cindivuta ndi cilungamo cake. Cinthu ca anthu onse cikasiyidwa, cikhala ca yani?

Funso ili timalidziwa bwino, kungoti timakumana nalo pamaliro. Bambo akamwalira, misozi isanaume n'komwe, abale afika ndi loli. Wina watenga firiji, wina mipando, wina akuti malata awa ndinamubwereka ndine. Aliyense ali ndi cifukwa, ndipo zifukwa zina ndi zoona. Otsala pa simenti ndi ana. Khalidweli linafika poipa kotero kuti mu 1989 dziko linaika lamulo la Intestate Succession Act: munthu akafa osasiya kalata yogawa cuma, ana alandira 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ena amene anali kudalira malemu 10. Khoti ivomerezanso adiministireta, munthu wosunga cumaco, osati mwini wake. Ine ndiona njanji yosiyidwa ngati cuma ca masiye. Sitima ndiye malemu. Ana ake ndi anthu onse a mumzinda, pamodzi ndi amene akali kukwawa ndi amene sanabadwe, ndipo amenewa sapezeka pa msonkhano wogawa.

Koma cumaci cili ndi khalidwe lacilendo. Puloti ukaidula pakati upeza mapuloti awiri. Njira ukaidula pakati supeza njira ziwiri. Ili ngati cingwe ca pa citsime cakuya mamita khumi: cidule pakati, watsala ndi zomangira mbuzi, madzi sudzawafikanso. Munthu amene wamanga cipinda cimodzi pa njanji watenga mamita anai cabe pa makilomita oposa khumi, ndipo mumtima mwake aona kuti watenga zocepa. Koma mamita anai amenewo adula njira yonse. Apa ndiye pamene cikumbumtima cimalephera masamu. Colakwa n'cacing'ono kwa wocita, cotayika n'cacikulu, ndipo cotayikaco cigawika kwa anthu ambiri kotero kuti palibe mmodzi amene amva kuwawa kokwanira kuti akuwe. Mumzinda wothithikana ngati uno, njira yaitali yopanda nyumba siipezekanso. Wofuna kuipanga lero ayenera kugwetsa nyumba mazanamazana.

Mu 1968 wasayansi wa ku America Garrett Hardin analemba kuti cinthu ca onse cimatha motere: busa ndi la mudzi wonse, aliyense awonjezera ng'ombe imodzi, mpaka udzu utha. Ambiri anakhulupirira kuti mankhwala ake ndi awiri cabe, kugulitsa cinthuco kwa munthu mmodzi kapena kuikapo apolisi. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anafufuza nkhalango, mabusa, ngalande zothirira ndi malo osodza m'maiko ambiri, napeza kuti zinthu za onse zitha kukhala zaka mazana pamene ozisewenzetsa adziwana, aikirana malamulo ndipo alangana. Agogo anu ku Katete kapena ku Petauke sakanadabwa nazo. Njira ya kumadzi imadutsa m'munda wa munthu, koma mwini munda sailima. Si kuopa apolisi ai. M'mawa uliwonse pamadutsa anthu, ndipo akailima, dzuwa lisanafike pamutu nkhani ili kale kwa anyakwawa. Njira imasungidwa ndi mapazi. Njanji ya mu Lusaka inadyedwa cifukwa sitima itaima panalibe amene anauzidwa kuti njirayi tsopano ili m'manja mwanu.

Tsopano timve mbali ya amene anamangapo, pakuti kuwachula mbala n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi pogona. Mmene malo amagulidwira m'makomboni tidziwa tonse. Munthu apereka ndalama zenizeni kwa wina amene ali ndi mphamvu nthawi imeneyo, kaya wa cipani, kaya wodzicha cheyamani, nalandira kapepala kodinda. Aumba mabuloko pang'onopang'ono, thumba limodzi la simenti pa mwezi. Ana abadwiramo, maliro acitikiramo. Mukamufunsa adzayankha mau ovuta kutsutsa: malo anali cigonere, boma linali kuona pamene tinali kukumba maziko, ofuna mavoti anali kugogoda pakhomo pomwepa, lero mutiuza kuti ticoke cifukwa ca sitima imene ana athu sanaionepo, kapena cifukwa ca njinga? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, amatero akulu, wa pacala ngwa mphepo. Denga la lero lioneka, sitima ya mawa siioneka.

Mau amenewa ndimawalemekeza, ndipo ndiona kuti apambana theka la mlandu. Boma limene lakhala cete zaka zoposa 20 lataya ufulu wobwera ndi buludoza m'bandakuca n'kusiya mayi ndi ana pa mulu wa mabuloko. Koma theka linalo sapambana. Adiministireta akagona, kapena akagulitsa mwakabisira nyumba ya masiye, gawo la ana silifafanizika cifukwa ca tulo take. Njirayo siinali ya boma monga mmene jekete yanga ilili yanga. Boma linali kungosunga. Kulephera kwa wosunga sikusandutsa wogula kukhala mwini, kumangomupatsa ufulu wobwezeredwa zake. Conco ngati njira iyenera kutsegulidwa, wocotsedwa alipidwe ndi kupatsidwa malo ena lata loyamba lisanazulidwe, ndipo olipira tikhale ife tonse kupyolera m'misonkho, popeza tonse ndife odzayendapo. Njira yabwino imene mtengo wake wonse wasenzetsedwa mabanja ocepa osauka ndi kulanda komweko, kungoti kwavala suti.

Pano pafunika maso. Mayi wamasiye wa zipinda ziwiri safanana ndi bwana amene wamanga sitolo yaikulu kapena mafulati a lendi akudziwa bwino lomwe kuti ndi malo a njanji, atadalira kuti envulopu idzatseka pakamwa pa aliyense. Kuwalipira mofanana ndi kuphunzitsa mzinda kuti kulanda kumapindulitsa. Zomvetsa cisoni n'zakuti kawirikawiri buludoza imadziwa kusiyanitsa awiriwa, koma mozondoka.

Ku America anapeza nzeru ya pakati imene iyenera kuganiziridwa. Mu 1983 anasintha lamulo lao kuti njanji imene kampani yaleka kusewenzetsa isamawerengedwe ngati yafa, koma ngati yasungidwa. Boma la dera kapena bungwe litha kuitenga n'kuisandutsa njira ya mapazi ndi njinga, pa pangano lakuti tsiku limene sitima idzafunikanso, njirayo idzabwezedwa. Eni malo a m'mbali, amene anali kuyembekeza kuti njanji ikafa malowo abwerera kwa iwo, anakasuma. Mu 1990 khoti yaikulu ya dzikolo inagamula kuti lamulolo ndi loyenera, koma amene wataya malo ake atha kupempha malipiro ku boma. Katy Trail ya ku Missouri, ya makilomita oposa 380, inasungidwa motere. Apa woyenda pansi ndi wochova njinga ndiwo akhala adiministireta: adya za m'munda pousamala, koma munda ndi wa ana.

Koma tonse tidziwa zimene zimacitika mwana wamasiye akakula n'kupita kwa amalume kukafunsa makiyi a nyumba. Mu 2008 akuluakulu a dera la Bristol anabwera ndi pulani yoika mseu wa mabasi othamanga pa cigawo ca njira ija. Anthu zikwizikwi anakana, anasaina makalata, anacita zionetsero, ndipo pulaniyo inaikidwa pambali. Sindiwaweruza msanga. Ena a iwo anaimanga ndi manja ao, mitengo inali itakula, ana ao anaphunzirira njinga pomwepo. Koma taonani zimene zacitika. Njira imene inapangidwira kunyamula khamu yapeza eni atsopano amene salola kuti ibwerere ku nchito yonga imeneyo. Wosunga wakonda cosungaco. Ngati tatsutsa womanga cipinda cifukwa cotsekera a mawa, wochova njinga timumasula pa cifukwa canji?

Kusiyana kulipo, ndipo si kwakung'ono. Cipinda ndi ca banja limodzi, pamene njira ya mapazi ndi ya aliyense amene ali ndi miyendo kapena njinga ya olemala. Cipinda cidula cingwe, phula silidula. Olo anthu a ku Bristol akane zaka 50, njirayo ikali yathunthu, ndipo mbadwo wina utha kusankha mwina. Njanji zakufa zimaukadi: ku Scotland njanji ya Waverley inatsekedwa mu 1969, ndipo cigawo cake ca kucokera ku Edinburgh kufika ku Tweedbank cinatsegulidwanso mu 2015, patapita zaka 46. Nthawi zina sipafunika n'komwe kusankha. Pa Bitton, pa njira ya Bristol yomweyo, sitima yakale ya alendo imayenda pambali pa oyenda pansi, pakati pali mpanda. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo, ndipo njira ya njinga ifuna mamita atatu cabe. Pamene malo akali otakata, zonse ziwiri zingakwane.

Ndisabise: kwa mayi wa ku George amene apita ku Soweto kukaoda tomato, sitima iposa njinga kutalitali. Wodwala, wapakati, wokalamba sangachove makilomita khumi. Amene akuti tiyembekeze sitima sanena zopusa. Koma pamene tiyembekeza, njira siikhala ciyembekezere nafe. Caka ciliconse imafupika. Wokana njira ya mapazi cifukwa afuna sitima afanana ndi munthu wokana kufolera nyumba ndi udzu cifukwa afuna malata, mvula n'kugwetsa zipupa.

Pali ngozi ina imene okonda mapulani okongola sakonda kuichula. Ku Atlanta, mu 1999, wophunzira wina dzina lake Ryan Gravel analemba pepala la digiri yake lakuti njanji zakale zozungulira mzindawo, makilomita 35, zisandutsidwe njira ya sitima zazing'ono, mapazi ndi njinga. Maganizowo anagwira, ndipo BeltLine inayamba kumangidwa. Njira itakongola, mitengo ya nyumba za m'mbali mwake inakwera. Mabanja osauka, ambiri a iwo akuda, amene anapirira kukhala pafupi ndi njanjiyo pamene inali thengo ndi zinyalala, anayamba kulephera lendi. Mu 2016 Gravel yemweyo anatula pansi udindo wake m'bungwe lothandiza nchitoyo, podandaula kuti nkhani ya nyumba zochipa siinali kusamalidwa mokwanira. Ku New York, High Line, njanji ya m'mwamba imene sitima inaleka kuyendamo mu 1980 n'kutsegulidwa ngati paki mu 2009, inakwezanso mitengo m'dera la Chelsea.

Ambiri a inu mukhala m'nyumba za lendi, conco simufunika kufotokozeredwa. Mseu wa m'komboni ukangothiridwa phula, mwezi wotsatira alandilodi agogoda. Akulu amati walira mvula walira matope, koma pano wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina. Ena amamaliza kuti ndiye bwino komboni ikhale yonyansa kuti osauka akhalemo mwamtendere. Maganizo amenewo ndimawakana ndi mtima wonse. Ali ngati kuuza munthu kuti asamasambe kuopa kuti akuba angamuyese wolemera. Mtengo wa malo ukakwera cifukwa ca ndalama za anthu onse, gawo la phindulo liyenera kubwerera kwa anthu onse, kupyolera m'misonkho ya nyumba za m'mbali ndi malo opatulidwira nyumba zochipa. Ndipo zimenezi zilembedwe phula lisanathiridwe, cifukwa pambuyo pake mtengo wa malo umakhala utathawa kale.

Tinene kuti zonsezi zatheka, njira yatsegulidwa. Mlandu sunathe, wangocepa msinkhu. Pa mamita atatu amenewo padzakumana mnyamata wa njinga ya magiya amene wacedwa ku nchito, wa malasha amene mabuleki ake ndi nsapato, wa Zamcab ndi katundu womutseka maso, ana a giredi 2 oyenda anai atagwirana manja, ndi agogo osamva belu. Pa mseu wa motoka wochova njinga ndiye wofooka, ndipo adziwa mantha a kupumiridwa m'khosi ndi minibasi. Pa njira iyi iye ndiye minibasi. Ndi zodabwitsa mmene munthu amaiwalira msanga akangosintha malo.

Lamulo limene ndiona kuti ndi lolungama si lakuti aliyense ali ndi theka lake. Ndi lakuti amene angapweteke mnzake kwambiri ndiye asenze udindo waukulu. Ku Britain analemba zimenezi m'malamulo ao a pamseu mu 2022: wa loli asamale wa motoka yaing'ono, wa motoka asamale wa njinga, wa njinga asamale woyenda pansi. Kwathu tili ndi lamulo lina losalembedwa: pa kanjira ka kumunda, wopanda katundu ndiye amapatukira mu udzu kuti wosenza nkhuni adutse. Onse awiri ndi abwino, koma sagwirizana nthawi zonse. Wa malasha ndiye woopsa, ndiyenso wolemedwa. Njinga ya masaka atatu ikaima, kuiyambitsanso ndi nkhondo. Apatuke ndani, iye kapena mtsikana woyenda cimanjamanja ndi mahedifoni m'makutu? Ine ndinganene kuti iye acepetse liwiro akali patali ndipo mtsikanayo apatuke, koma palibe cikwangwani cimene cingakwane mau onsewa. Zotere anthu amaphunzitsana ndi maso ndi pakamwa, monga mmene amaphunzitsirana kupereka mpando kwa wamkulu.

Njinga zamoto ndiye ai. Zaculuka mumzinda ndi nchito yopereka katundu, ndipo tsiku limene imodzi idzaloledwa, njirayo idzakhala mseu ngati ina yonse.

Cotsala ndi usiku. Njanji imadutsa kumbuyo kwa nyumba, kumene kuli mipanda yopanda mawindo, ndipo njira yotere kukada imasanduka ya majanki. Mtsikana woweruka mocedwa sadzayerekeza kupitako, ndipo njira imene theka la anthu liopa si ya onse. Malaiti a sola athandiza, malinga asabedwe. Koma mlonda weniweni ndi mayi woocha cimanga, mnyamata wa kantemba, ndi wokonza njinga pansi pa mtengo, cifukwa amenewa amadziwa nkhope ya aliyense ndipo sacoka msanga. Wojambula pulani adzafuna kuwathamangitsa kuti cithunzi cioneke ngati ca ku Ulaya. Akawasiyanso osawaikira malire, tikumbukira mmene makhonde a mu Cairo Road ndi Freedom Way analili kolera ya 2018 isanacititse kuti ogulitsa acotsedwe: woyenda pansi anali kutsikira mu mseu kukapikisana ndi motoka. Apatsidwe malo ojambulidwa pambali, kunja kwa mamita atatu aja. Alipire kandalama kocepa ku komiti ya ogulitsa anzao ndi anthu okhala pafupi, ndipo komiti yomweyo ndiyo iuze amene wasendeza thebulo lake kuti alibweze. Buku la ndalamazo lizikhala poyera, aliyense aziwerenga, cifukwa misika ndi masiteshoni athu a basi anationetsa kale zimene zimacitika kandalama kotere kakagwera m'manja mwa anyamata a cipani.